Funsani Azakhali: Thandala la m'khitchini, nanga madzi ake akupita kuti?

Mwezi uno makalata andichulukira pa nkhani imodzimodzi, ya poyanika mbale m'khitchini, ndiye ndati bola ndiwasonkhanitse tithane nazo kamodzi. Ena ndawadula pang'ono chifukwa anthu inu mukayamba kudandaula simupuma kkk.

Azakhali, ndangosamukira m'nyumba ina ndipo sinki yake ilibe kambali kaja kodonthetserapo madzi, ndi dishi yokha basi. Mbale ndikatsuka ndimangosanjika pa kansalu ndiye madzi amayenderera mpaka thabwa lapamwamba layamba kufufuma m'mphepete. Ndikufuna kugula thandala ndi thireyi yake koma pa intaneti ndaona mitundu yambirimbiri mpaka mutu waima. Ndiyambire pati? Ndine Mayi wa ana atatu

Mayi, pepani ndi thabwalo, ndipo ndikuuzirenitu kuti pamene pafufumapo sipadzaphwanso. Matabwa ambiri a pamwamba pa makabati ndi utuchi wopanikiza ndi guluu kenako n'kumatapo kachikopa kosalala, madzi akangopeza polowera pa joini kapena m'mphepete mwa sinki ndiye basi amamwa ngati siponji. Chatsala ndi kuletsa kuti zisapitirire.

Musayambe ndi kuyang'ana thandala lokongola ayi. Yambani ndi thireyi, chifukwa funso lenileni ndi loti madzi ochoka m'mbale zanuzo adzera pati mpaka akafike mu sinki. Anthu amagula thandala poona mtundu ndi dizayini, thireyi n'kumangoitenga ngati chinthu chongoperekeza, pomwe ndi imene imagwira ntchito yonse.

Pali thireyi yafulati yokhala ndi mpanda mbali zonse, imeneyo ntchito yake ndi kusunga madzi basi, inuyo ndi amene mudzikhuthula tsiku lililonse, ndipo ndikudziwa tsiku loyamba mudzakhuthula, lachiwiri mudzakhuthula, pofika sabata yachitatu muli chithaphwi chonunkha pansi pa mbale zimene mukuti zoyera. Ine sindiikonda, pokhapokha ngati thandala lanu likhale kutali ndi sinki. Ndiye pali yotsetsereka, mbali imodzi ndi yotseguka ngati mlomo, madzi amangoyenda okha kugwera mu sinki. Ina ili ndi kampopi pansi kamene mumatha kukatembenuza kuloza kumene kuli sinki, imeneyi imathandiza ngati thandala mukufuna kuliika chopingasa, kungoti kabowo ka kampopiko kamatsekeka ndi tinyenyeswa ndiye kamafuna kutokosa pafupipafupi.

Tsopano pomwe ambiri amagwa nayo ndi apa. Pitani mukaione sinki yanu bwinobwino. Ngati ndi ija yoika kuchokera pamwamba, ili ndi mkombero wotukuka pang'ono pamwamba pa thabwa, ndipo mlomo wa thireyi uyenera kukhala pamwamba kuposa mkomberowo komanso utulukire ndithu mpaka m'kati mwa dishi. Ukakhala wamfupi kapena wotsika madzi amagunda mkombero n'kubwerera pansi pa thireyi pomwe simukuona, vuto lija la thabwa n'kupitirira mobisa. Ngati sinki yanu ndi yomatira kunsi kwa thabwa, yopanda mkombero, muli ndi mwayi, pafupifupi thireyi iliyonse yotsetsereka ichita.

Kenako tengani tepi muyeze, musadalire maso. Thabwa la m'makhitchini ambiri kuchoka kukhoma kufika kutsogolo limakhala masentimita pafupifupi 60, ndiye thandala likhale lochepera apo kuti lisamasuzumire kutsogolo mwana n'kulikoka. Yezani kutalika kwa malo amene mungapereke pambali pa sinki, musaiwale kuti mufunanso podulira zinthu. Ngati pamwamba pali kabati yapakhoma yezaninso mpatawo, nthawi zambiri umakhala masentimita 45 mpaka 50 basi, pomwe mbale yaikulu yodyera ndi masentimita 26 mpaka 28 ikaimirira, mukawonjezera miyendo ya thandala ndi dzanja lanu lolowetsa ndi kutulutsa muona kuti malo si ambiri monga munkaganizira.

Za kukula kwake, musawerenge mbale zonse zili m'nyumba, werengani zimene mumatsuka ulendo umodzi pa tsiku lotanganidwa. Inu ndi ana atatu ndiye tinene mbale zisanu kapena zisanu ndi imodzi, mabakuli, makapu, mapoto awiri ndi zivundikiro zake. Mapotowo ndi amene amaiwalika, mathandala ambiri ndi mizere ya mbale yokhayokha, poto n'kusowa pokhala mpaka mumaigoneka pamwamba pa makapu. Funani lokhala ndi gawo lina lopanda mizere. Onaninso mpata wa pakati pa mawaya, ukakhala wothina mbale zakuya sizilowa, ukatalikirana kwambiri timbale ting'onoting'ono timagwa chagada. Ngati n'kotheka nyamulani mbale yanu yakuya imodzi m'chikwama mukayesere pomwepo, manyazi achepe, ndalama ndi zanu.

Zina zing'onozing'ono, miyendo ikhale ndi labala kuti lisamatsetsereke kapena kukanda thabwa, pakati pa mawaya ndi thireyi pakhale mpata woti mphepo idzidutsa, ndipo kachitini ka masupuni kakhale kochotseka komanso koboola pansi. Mukafika nalo kunyumba musanataye katoni, thirani kapu ya madzi kumapeto kwa thireyi muone ngati onse afika mu sinki. Akatsala ena ataima, ikani kenakake kopyapyala pansi pa miyendo yakumbuyo, zikakanikabe bwezani.

Azakhali ine ndakwiya. Ndinagula thandala lolembedwa kuti stainless steel pa katoni, miyezi inayi yokha layamba dzimbiri m'makona ndipo likusiya madontho ofiira pa mbale zoyera za madam. Kodi si paja amati chitsulo chimenechi sichichita dzimbiri? Anandibera eti? Ndine Bambo wokhumudwa

Bambo, mtima m'malo. Mwina anakuberani, mwinanso ayi, tiyeni tione.

Poyamba, zinthu zambiri zonyezimira si stainless. Pali mathandala a chitsulo wamba chimene angochikuta ndi chromium, mtundu wina wa chitsulo chonyezimira, wopyapyala kwambiri pamwamba, chikakhala chatsopano simungasiyanitse, koma poto ikangokanda kapena chikutocho chikang'aluka mowotcherera madzi amalowa, dzimbiri n'kuyamba kudya kunsi mpaka chikuto kumasupuka ngati khungu la njoka. Ena ndi a waya wokutidwa ndi pulasitiki yoyera kapena yakuda, amenewa ndi abwino kwa mbale zosachedwa kusweka chifukwa ndi ofewa, koma mpeni ukangocheka chikutocho nkhani ndi yomweyo. Ngati pa thandala lanu pali posupuka, ndiye silinali stainless chiyambire.

Koma ngakhale stainless weniweni ali ndi magiredi. Chimene chimachititsa chitsulo kutchedwa dzinali ndi chromium wosakanizidwa m'kati mwake, osachepera 10.5 peresenti, iyeyu akakumana ndi mpweya amapanga kachikopa kosaoneka ndi maso kamene kamatchinga dzimbiri, ndipo kakakandika kamadzipanganso kokha. Mkulu wina wa ku Sheffield ku England, Harry Brearley, ndi amene amatchuka kuti anachipanga mu 1913, ndipo sankafuna n'komwe za m'khitchini, ankafufuza chitsulo cholimba cha mipope ya mfuti. Giredi imene ndimalangiza ine pa chinthu chokhala m'madzi tsiku ndi tsiku ndi 304, ena amalemba 18/8, kutanthauza chromium 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti. Pali 430 imene ilibe nickel kwenikweni, ndi 201 imene nickel anachepetsa n'kuikamo manganese kuti itchipe, ziwirizi ndi stainless ndithu, wogulitsa sananame, koma sizipirira chinyezi ndi mchere ngati 304. Ndiye katoni ikangoti stainless steel osatchula nambala, ineyo ndimayamba kukayikira, chifukwa amene wagwiritsa 304 sabisa, amalemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Mumva anthu akuti tengani maginito, akamata ndiye kuti ndi feki. Pali choonadi pang'ono, maginito amamata zolimba pa chitsulo wamba ndi pa 430, pomwe pa 304 samata kapena amangokoka pang'ono mopindika. Koma 201 nayonso nthawi zambiri simata, ndiye maginito angakuuzeni choipa chowonekeratu koma sangakutsimikizireni chabwino.

Tsono ndikufunseni inuyo, mumalitsuka ndi chani? Bulichi ndi mdani wa stainless, klorini amadya kachikopa kaja n'kusiya timaenje, mchere nawonso chimodzimodzi ukakhalitsa. Waya wokwechera mapoto uja amasiya tizidutswa ta chitsulo wamba pamwamba, timeneto ndi timene timachita dzimbiri inu n'kumati thandala lawola. Chiwaya chachitsulo chakuda kapena chitini chonyowa mukachigoneka pamenepo usiku wonse chimasiyanso dzimbiri lake. Ngati ndi madontho apamwamba chabe, phalani soda wophikira ndi madzi pang'ono, pakani, dikirani mphindi zingapo, kwechani ndi mswachi wakale, tsukuluzani n'kupukuta. Likabwereranso pomwepo mowotcherera sabata yomweyo ndiye lalowa m'kati, musavutike nalo.

Ngati dzimbiri lakutopetsani kotheratu, la aluminiyamu silichita dzimbiri lofiira chifukwa mulibe chitsulo cha ayironi, limangochita mbuu pakapita nthawi, ndi lopepuka ndiye mapoto olemera amatha kulipendeketsa. Mbale za madam zija, soda yemweyo achotsa madonthowo, musadikire kuti akuuzeni kachiwiri.

Azakhali tiweruzeni. Apongozi anga akabwera amati kusiya mbale pa thandala ndi ulesi, mkazi weniweni amapukuta ndi nsalu n'kulongedza nthawi yomweyo. Ine ndimati kuuma zokha ndi kwaukhondo. Wolondola ndani? Ndine Mtengwa watsopano

Mwanangu, pa ukhondo wapambana ndiwe, koma usakawerenge tsamba lino mokweza pamaso pawo, ndakukana.

Kansalu kopukutira mbale kaja taganiza kamene kamadutsamo pa tsiku. Wina wapukutira m'manja, wina wagwirira poto, wina wapukutira thabwa pamene panadontha madzi a nyama yaiwisi, kenako kakoloweka konyowa pamalo ofunda, ndiye tizilombo timaswana mosangalala. Ukatenga komweko n'kupukutira mbale khumi, zimene watsuka uja wazibwezera. N'chifukwa chake bungwe la FDA ku America, m'malamulo ake a malo ophikira ndi kugulitsira zakudya otchedwa Food Code, limati ziwiya zikatsukidwa ziume ndi mphepo, osazipukuta ndi nsalu. Si ulesi, ndi lamulo la anthu amene amadyetsa chikhamu.

Ndipo nkhani ya nthawi si yamasewera. Ku Finland kunali mayi wina, Maiju Gebhard, amene ankagwira ntchito ku bungwe loona za kupeputsa ntchito lotchedwa Työtehoseura. Iyeyu anawerengera kuti mayi wapakhomo amatha maola pafupifupi 30,000 pa moyo wake akutsuka ndi kupukuta mbale, ndiye m'zaka za 1944 ndi 1945 anakonza kabati yoika pamwamba penipeni pa sinki, yopanda pansi, mashelefu ake ndi mathandala, umangotsuka n'kuika m'mwamba, madzi kumadonthera mu sinki, watseka chitseko basi mbale zauma komanso zalongedzeka kale. Mpaka lero m'nyumba zambiri za ku Finland muli kabati imeneyi. Ine ndikanakhala ndikumanga khitchini yatsopano ndikanauza kalipentala andipangire yomweyo, ndipo apongozi ako sakanaona mbale ndi imodzi yomwe pabwalo.

Koma nawonso ali ndi mfundo yawo, usaitaye. Thandala si kabati. Mbale zikauma zichoke, osati kuchezera pamenepo masiku atatu fumbi ndi mafuta a pophika kumaterapo, mphemvu kumayendapo usiku, kenako zonyowa zatsopano kumasanjika pamwamba pa zouma. Komanso kuuma ndi mphepo kumafuna mphepoyo ipeze njira, mbale ziime chilili zosagundana, makapu ndi mabakuli azondoke koma mopendekeka pang'ono, kapu ukaivundikira pa thireyi yafulati m'kamwa monse mutatsekeka, mawa uipeza ikadali ndi nthunzi m'kati ndi kafungo. Ukatsukuluza ndi madzi otentha mbale zadothi ndi zagalasi zimauma msanga chifukwa zimasunga kutentha, za pulasitiki ndiye zochedwa nthawi zonse, uzizikutumula kaye usanaike.

Ndipo pali zina zimene apongozi akulondola ndithu kuti zipukutidwe pompo, chiwaya chachitsulo chakuda, mipeni yabwino, ndi matambula ngati sufuna madontho. Ungokhala ndi kansalu kake kosiyana ndi ka m'manja, kochapa pafupipafupi.

Anti, khitchini yanga ndi kakang'ono zedi, ndikaika thandala ndiye podulira anyezi palibe. Ndimakhala ndekha. Nditani? Ndine Bachala

Achimwene, munthu mmodzi safuna thandala la banja. Chimene ndingakusankhireni ndi kaja kopinda ngati mphasa, timapaipi tachitsulo tolumikiza ndi silikoni m'mbali, mumakayala pamwamba pa sinki, madzi amadonthera momwemo, thireyi osafunika n'komwe, mukamaliza mwapinda mwaika mu dirowa. Yezani kukula kwa sinki kuti mbali zonse ziwiri katsamire bwino pa thabwa. Kuipa kwake mbale siziima chilili, ndipo ngati sinki ndi ya dishi imodzi kamakutsekerani theka la potsukira. Lilipo lina lolowa m'kati mwa sinki lokhala ndi mikono yokoka, vuto lake ndi lomwelo, komanso madzi asopo amathovukira pa zimene mwatsukuluza kale.

Aja aatali oima ngati mlatho pamwamba pa sinki amaoneka bwino pa zithunzi ndipo amanyamula zambiri, koma yezani kaye kutalika kwa mpopi wanu, onani ngati zenera lidzitsegukabe, ndipo dziwani kuti madzi adzikudontherani m'manja mukamatsuka. A nsanjika ziwiri nawo amapulumutsa malo, bola pansi pa nsanjika yapamwamba pakhale kathireyi kake, apo ayi zapamwamba zimanyowetsa zapansi, ndipo zolemera muziika pansi kuti lisagwe. La pakhoma ndi labwino ngati nyumba ndi yanu, mbale zadothi zikachuluka zimalemera ndiye limafuna masikuluwu ndi mapulagi enieni, zomata ndi guluu zija ine ndinaziyesapo, ndinadzidzimuka pakati pa usiku ndi chiphokoso, makapu anayi anapita.

Kapena kungogula kamphasa koyanikirapo. Ka nsalu ya microfiber kamamwa madzi koma mukamaliza kayanikeni, ndipo kazichapidwa sabata iliyonse. Ka silikoni sikamwa, kali ndi timizere tokweza ziwiya, kamapirira kutentha kopitirira 200°C ndiye mutha kuikapo poto wotentha, zimene simungayese pa thireyi ya pulasitiki.

Azakhali, pansi pa thireyi yanga pamachita zoterera zapinki, ndipo pa mawaya pali zoyera zolimba zosachoka ndi sopo. Ndi chani chimenechi, n'choopsa? Ndine Nachisale

Mayi Nachisale, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Zapinkizo anthu amati ndi nkhungu koma kawirikawiri ndi bakiteriya wotchedwa Serratia marcescens, amakonda ponyowa pamene pali zotsalira za sopo ndi mafuta, ndi yemwe uja mumamuona m'makona a bafa. Kwa munthu wathanzi sakhala vuto lalikulu koma kwa khanda, wodwala kapena wa bala si wosewera naye, ndiye asakhale pansi pa mbale. Kupezeka kwake kukutanthauza kuti madzi akuima, bwererani ku yankho langa loyamba lija muone ngati thireyi yanu ikutsetserekadi.

Zoyerazo ndi laimu wa m'madzi, calcium carbonate, madzi akauma iye amatsala. Si woopsa, kungoti amanyasa komanso amagwira litsiro. Sopo samutha, amamutha ndi viniga, sakanizani theka viniga woyera theka madzi, nyikani kapena kulungani ndi kansalu konyowetsa kwa mphindi 20 kapena 30, kwechani ndi mswachi, tsukuluzani. Ngati thabwa lanu ndi la mwala wa marble viniga asadonthere, amadya mwalawo.

Kamodzi pa sabata phwasulani zonse, thireyi, kachitini ka masupuni, kampopi, tsukani ndi madzi otentha asopo n'kuumitsa. Thireyi ya pulasitiki mutha kuinyika mphindi zochepa mu bulichi wosungunula, supuni yaikulu imodzi mu malita 4 a madzi. Koma chonde chonde, bulichi ndi viniga zisakumane, zimatulutsa mpweya wa klorini umene umawotcha m'maso ndi m'mapapo. Chitani chimodzi, tsukuluzani bwino, chinacho tsiku lina. Pogula lina mudzadzifunse kuti kodi ili ndidzalitsuka bwanji, la timakona tambirimbiri tosafikika ndi mswachi lisiyeni m'sitolo ngakhale likongole chotani.

Mnzanga ali ndi la nsungwi lopinda ngati X komanso kamwala kena kamene kamamwa madzi pompopompo. Ndasirira, ndigule? Ndine Mtsikana wa ku koleji

Mwanangu, la nsungwi ndi lokongola, silichita dzimbiri ndipo silikanda mbale, koma nsungwi ikamakhala yonyowa nthawi zonse imachita chuku chakuda m'majoini, kenako kung'aluka. Limayenera munthu wotsuka mbale zochepa, amene zikauma amalipinda n'kuliimika pouma, n'kumalipakako mafuta a mineral oil mwa apo ndi apo. Lilibenso thireyi, ugula payokha. Ngati m'chipinda mwanu mumatsuka anthu anayi mosinthana tsiku lonse, silifika chaka.

Kamwalako ndi ka dothi lotchedwa diatomaceous earth, zotsalira za tizomera ta m'madzi tosaoneka ndi maso ta kalekale, kali ndi timabowo tosawerengeka ndiye kamamwa madzi n'kuuma msanga, zoona. Koma kamamwanso mafuta, sopo ndi khofi, timabowo tikatsekeka kamasiya kugwira ntchito mpaka ukapale ndi sandipepa, kakagwa kamasweka, ndipo tambula ukaiika mwamphamvu imatha kubenthuka. Ka makapu awiri atatu kali bwino, madzi a mapoto sikangawathe.

Funso langa ndi lalifupi Azakhali, mipeni ndi mafoloko mu kachitini kaja, ziloze m'mwamba kapena pansi? Timakangana ndi akazi anga. Ndine Agogo aamuna

Agogo, mipeni iloze pansi nthawi zonse, makamaka ngati adzukulu amafikira pamenepo, ndipo mpeni waukulu wakuthwa usalowe n'komwe mu kachitini, upukuteni n'kuusunga, nsonga yake imabowola pulasitiki komanso imabuntha. Masupuni aloze m'mwamba kuti asagone m'madzi a pansi ndiponso asakumbatirane, potenga muzigwira pakhosi osati podyera. Mafoloko ndikusiyirani inu ndi agogo aakazi, mukhale nako kokangana mawa.